Anesi Atandibwezera Zovala za Mwana

Linali Lachinayi, 2 koloko masana, pamene anesi anatuluka m'chipinda cha odwala mwakayakaya atanyamula zovala za mwana wanga. Anali atazipinda bwinobwino, kadiresi kachikasu pansi, thewera pakati, mkuzi wa m'chiuno pamwamba. Anandipatsa ndi manja awiri nati, "Sungani izi, mayi." Kenaka anabwerera m'kati mothamanga, chitseko n'kutsekeka.

Mwanayo anali wanga woyamba, wamkazi, wongoyamba kumene kuyenda. Malungo anamugwira tikusoka fodya kwathu kufupi ndi Kachebere. Pofika kuchipatala cha pa Boma anali atakomoka kale, ndipo kumeneko anatikweza ambulansi ya ku Lilongwe, ine ndi apongozi anga. Bambo ake anali ku ganyu kutsidya, ku Zambia.

Kwathu zovala za wodwala sizibwera zokha. Ukaona munthu akukupatsa zopindapinda ndi manja awiri, sufunsanso. Apongozi atangoona mkuzi uja anamanga chitenje m'mimba n'kuyamba maliro pakhonde pomwepo. Azimayi ena odikirira odwala awo anasendera kudzatithandiza. Mayi wina amene ankadya chinangwa anachiika pansi n'kuyamba kulira kuposa apongozi, osadziwa n'komwe ngati womwalirayo ndi mwamuna kapena mkazi.

Ine misozi inakana. Mtima unkandiuza kuti ndigogode ndikafunse, koma munthu wovala yunifolomu ndinkamuopa chiyambire. Sukulu ndinalekezera sitandade 4, ndipo ngakhale aphunzitsi sindinawayankhepo mokweza. Ndinakhala pamphasa, kadiresi kali pamiyendo.

Chitseko chinatseguka. Anesi aja anali aafupi, ojintcha, mawu ngati a mtsogoleri wa kwaya.

"Kodi maliro ndi a ndani kuno?"

"Mdzukulu wanga, mayo ine!" anatero apongozi. "Si mwabweza zovala inu?"

Anesi anagwira kukamwa. "Agogo, mukufuna kundiphera wodwala wanga ndi pakamwa? Mwana akupuma uyo! Tamuvula kuti tipeze poika madiripi ndi mawaya."

Kulira kunaduka ngati wina wazimitsa wailesi. Mayi wa chinangwa uja anapukuta m'maso, n'kukatola chinangwa chake.

Ndinkayesa kuti atikalipira. Koma anesi anavula nsapato n'kukhala nafe pamphasa. "Wolakwa ndine," anatero. "Nanenso ndinakulira kumudzi. Mayi anga akanaona zimenezi akanandikoka khutu." Kenaka anatiuza mosabisa kuti malungo afika kumutu, mwana wadwaladi, ndipo sangatilonjeze kanthu. "Koma tsiku lililonse ndizikuuzani zoona ndi pakamwa pangapa. Zovala musamazifunse."

Anandigwira dzanja n'kulowa nane. Ndinavula patapata pakhomo, ndinasamba m'manja mpaka m'zigongono. Mwana wanga anali gone pabedi lalikulu, kapaipi m'mphuno, kamakina kakulira pambali pake ngati nkhululu. Ndinaima patali, maso ali pakamakinako.

"Kameneko musakaope," anatero anesi. "Kakamalira chonchi ndiye kuti mtima uli pantchito. Inunso ntchito yanu ilipo."

Anandipatsa kapu, n'kundionetsa kafinyidwe ka mkaka wa m'mawere, woti azimumwetsera m'kapaipi kaja. Atatero anati ndimuyankhule mwanayo, amamva. Ndinawerama n'kunong'ona.

"Iii, mayi, mukuchita ngati mukupempha mchere kwa apongozi! Kwezani mawu, mwana adziwe kobwerera."

Ndinaseka, koyamba chichokereni kumudzi. Ndinamuuza za mbuzi yathu yamawanga imene ankaikoka mchira, za nkhuku zimene zinali zitatsala pang'ono kuswa, za fodya amene tinamusiya m'chigafa. Tsiku ndi tsiku mawu anga ankakwera pang'ono. Anesi ena ankati akamamutembenuza mwana kapena kumupukuta m'kamwa, ankandifunsa kuti, "Nanga mbuzi ija yatani lero?"

Apongozi nawo sanagonje pa za mkuzi. Atawalola kulowa anafunsa ngati angaubwezere m'chiuno. Anesi aja anautenga n'kuumanga kuchitsulo cha bedi, chakumiyendo. "Uwu ugwire ntchito yake apa, ife tigwire yathu uku. Tisalimbane." Apongozi anavomera ndi mutu. Kuyambira pamenepo ankawatcha anesiwo mwana wanga, ndipo ankawasungira mtedza wokazinga.

Loweruka zinthu zinavuta. Mwana anayambanso kuphupha, ndipo ananditulutsa. Ndinayang'anitsitsa manja a aliyense wotuluka pachitseko chija. Anesi atabwera anayamba atambasula manja awo opanda kanthu, kenaka n'kunena kuti, "Tamugwira. Wakhazikika."

Lolemba masana ndinali pakati pa nkhani ya nkhuku pamene kadzanja kake kanatukuka n'kugwira kapaipi ka m'mphuno. Anatsegula maso, anandiyang'ana, nkhope n'kukwinyika. Kenaka analira. Mawu ake anali osasa, aang'ono, koma kunali kulira kwake komwe kuja kwa pofuna bere. Anesi anamugwira kadzanja kuti asazule kapaipi, uku akuseka. Anatsegula chitseko n'kuitana pakhonde.

"Agogo! Lero akulira mwiniwake. Inu mupume."

Apongozi anaimba nthungululu mpaka mlonda anabwera kudzaona.

M'mawa mwake ndinatulutsa kadiresi kachikasu kaja m'chikwama, ndinakapinda bwinobwino, thewera pamwamba. Ndinapita ndekha kukagogoda pachitseko, osadikira kuitanidwa. Anesi atatsegula ndinagwada n'kuwapatsa ndi manja awiri.

"Ndiye tsono ndiyambe kulira?" anafunsa.

"Ayi, ndabwera kudzamuveka," ndinatero, mokweza ndithu, mpaka mayi wa chinangwa uja anacheuka.

Anesi anandipatukira. Ndinasamba m'manja, ndinamasula mkuzi kuchitsulo cha bedi, ndipo ndinamuveka mwana wanga ndekha.