Dzanja Loyatsa Chubu

Ndikukumbukira kuti ndili ndi zaka khumi ndinali ndi udindo waukulu kuposa aliyense pabanja pathu ku Ndunde. Ndinkayatsa getsi.

Amalume anali ndi galaja yokonzera njinga zamoto, kachipinda ka malata kopanda zenera, moti ngakhale masana munkafunika getsi. Kudenga kunali chubu chimodzi chachitali chamagetsi. Nyengo ya chiperoni chubucho chinkangolira ngati njuchi n'kumaphethira, osayaka. Tsiku lina ndinakwera pampando n'kuchisisita, popanda chifukwa chenicheni. Chinayaka.

"Mwana uyu ali ndi dzanja," anatero amalume. "Lisamanyowe."

Mawuwo anasanduka lamulo. Mbale ndinasiya kutsuka, kumjigo ndinasiya kupita. M'mawa uliwonse ndinkasisita chubu akabaza akuonerera, kenako n'kukakhala pakhonde kupumitsa dzanjalo.

Amene anandichotsa ntchito ndi mayi aang'ono, omwe ankakolopa kuchipatala cha mishoni ndipo machubu odwala anali atawaona ambiri. Anangoyang'ana kudenga kamodzi.

"Achimwene, dzanja lake liti? Akungopukuta chinyezi uyu. Sitata yatopa basi."

Mawa lake anabwera ndi sitatayo, kanthu koyera kosaposa chala chachikulu, n'kukapotokolera m'mbali mwa chubu. Getsi linayaka lokha, osandifunsa. Tsiku lomwelo anandipatsa ndowa.

Ndinatunga madzi masiku atatu. Tsiku lachinayi, amalume atapita kukadya, ndinakwera pampando n'kumasula sitata ija pang'ono. Chubu chinazima, ndipo anandiitanitsa mwaulemu monga kale. Chomwe sindinkadziwa n'chakuti sitata ikamasuka, chubu sichimvanso dzanja la munthu. Ndinasisita, n'kusisitanso, mpaka chikhatho chinatentha. Wakabaza wina, yemwe njinga yake inali itaphwasulidwa pansi, anafunsa ngati dzanjalo latha mayunitsi.

Amalume anakwera okha, n'kugwira sitata, n'kuipotokola. Kunawala. Anatsika pang'onopang'ono.

"Chimenechi sichimasuka chokha," anatero, akuyang'ana khoma.

Sanandimenye. Anakhala pansi ndi mayi aang'ono kukambirana za tsogolo la galaja ngati ine palibe. Chubu chinali chitada kale kumapeto konse. Agule china? Asinthenso choko, kabokosi kamene kankalira kaja? Mayi aang'ono anati kuchipatala akuika mababu a LED, opanda sitata, opanda choko.

"Ndikufuna lomwelo," anatero amalume. "Lopanda chomasula."

Analigula ku Limbe Loweruka. Ine ndinabwerera kumjigo, ndipo dzanja lija linanyowa bwinobwino, osafa.

Patapita zaka ndinapita kukoleji kukaphunzira zamagetsi, poti pamudzi anali asanaiwale za dzanja langa. Kumeneko ndinamvetsa kuti ulemu wanga wonse unkachokera pa chinthu chowonongeka, ndipo ulemu wotere umatha tsiku limene wina wafika ndi sipeya. Koleji ndinaisiya chaka chachiwiri. Babu lija silinasiyebe ntchito.