Nyumba Yanga Inabwera ku Mitundu pa Ngolo

Nyumba imene ndikukhalamoyi inayamba yakhalapo ku Nathenje. Ndikanena choncho alendo amaseka, amayesa mutu wayamba kundisokonekera. Koma njerwa izi, malata awa ndi chitseko ichi zinaima zaka zambiri m'mudzi wina kuseri kwa Nathenje zisanabwere kuno.

Ine kwathu ndi kuno ku Mitundu. Titakwatirana, bambo a ana anga anakhala kaye chikamwini, kenako anapempha kwa amalume anga kuti anditenge chitengwa. Amayi awo miyendo inali itayamba kuwavuta, ndipo mlongo wawo yekhayo, alamu anga, anali kutali ku esiteti ya fodya ndi amuna awo. Panalibe wowatungira madzi. Ndinapita ndi mtima umodzi.

Apongozi anga anali munthu, Mulungu ausunge mzimu wawo. M'mawa wina anatitenga awirife, nayamba kuyenda akukhwekhwereza ndodo pansi, kuchokera pa mtengo wa mpoza kukafika pa chulu, kutembenuka mpaka ku kanjira ka ku dambo.

"Apa mumange," anatero. "Ndizimva fungo la utsi wanu ndili pakhonde."

Sitinalembe pepala. Ndani akanapempha pepala kwa apongozi ake? Ndinagwada, ndinaomba m'manja, madzulo ndinawaphera nkhuku.

Njerwa tinawumba tokha. Dothi tinakumba pa chulu chija mpaka panatsala nkhuti yakuya, mbuzi ikagweramo inkachita kutulutsidwa. Ine ndinkatunga madzi ku dambo, bambo ankaponda matope ndi kuwumba pa chikombole. Mwana wathu woyamba, wamkazi, anali akuphunzira kuyenda, tsiku lina anaponda njerwa yaiwisi n'kusiyapo kaphazi konse ndi zala zake. Bambo ake anakana kuiphwanya. Anaiwotcha pamodzi ndi zinzake mu uvuni, ndipo pomanga anaiika pafupi ndi khomo.

Simenti inatikanika. Inangokwanira pansi pokha, makoma amisiri anamangira matope. Ndinkachita nazo manyazi zimenezi. Amayi anzanga a ku mpingo akabwera kudzapemphera, ndinkaona wina akukanda pakati pa njerwa ndi chala, dothi likuyoyoka, ine mtima ukuwawa. Malata tinagula chaka chimene fodya anatiyanja. Mvula yoyamba itagwa pa malatapo tinakhala pansi ndi ana tikungomvetsera.

Apongozi anamwalira ndikuwasambitsa ndine. Patapita nthawi alamu anabwerako ku esiteti, ukwati utatha, ali ndi mwana wawo wamwamuna, wamkulu kale wa ndevu zake. Tinawalandira. Anagona pabalaza pathu miyezi yambiri, akudya m'mbale zanga, mpaka bambo anawathandiza kumanga yawo. Sindikunena izi powerengera. Ndikunena kuti mudziwe kuti anthu amenewa ankadziwa bwino mmene nyumba yanga inalili m'kati, chipinda ndi chipinda.

Kenako bambo a ana anga anadwala. Tinapita nawo ku chipatala cha ku Nkhoma, anthu kumeneko anayesetsa, koma nthawi yawo inali itakwana. Anandisiya ndi ana atatu.

Masiku amenewo anthu a m'tauni anali atayamba kubwera ndi magalimoto kudzafuna malo kufupi ndi msewu wa tala. Ine zimenezo sindinkaziganizira. Ndinali pa maliro.

Tsiku londisudzula, lomwe abale a mwamuna amamasula mkazi wamasiye, tinakhala pa mphasa pabwalo langa lomwe. Mwambo utatha, alamu anakonza chitenje chawo, nayang'ana kumbali.

"Mulamu, takumasulani. M'bale wathu munamusunga bwino, amayinso munawasunga, sitikukana. Koma mwambo mukuudziwa. Ana awa kwawo ndi ku Mitundu. Malo ano ndi a mbumba yathu."

"Nanga nyumbayi, alamu?"

"Nyumba ndi yanu. Ndani wakana? Ife tikunena malo."

"Nanga nyumba imakhala m'malere?"

Apa mwana wawo uja anaseka, akusewera ndi foni.

"Azakhali, nkhaniyi ndi yosavuta. Senzani nyumba yanu, mutisiyire malo athu. Ngati nkhata mulibe, tikubwerekani."

Ena anaseka naye. Mwana amene ndinkamufunditsa bulangete langa pabalaza! Ndine munthu wopemphera, koma tsiku limenelo mawu amene anafika pakhosi panga sanali a m'pemphero. Ndinawameza. Pamene nkhalamba ija inkafuna woitembenuza pa mphasa, mbumba inali kuti? Pamene msana wanga unkathyoka ndi zidebe za ku dambo, palibe amene anati madzi awa akuthiridwa pa malo a eni. Mwambo unangogona zaka zonsezo, unadzuka tsiku limene malata anasowa mwamuna wowayang'anira.

Amayi a ku mpingo anandiuza za ofesi ina m'tauni kumene amafotokozera anthu za malamulo. Ndinakwera minibasi pa Nathenje ndi mmodzi wa iwo. Tinapeza mayi wachifatse, anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Mayi," anatero, "katundu wa malemu ndi wa inu ndi ana anu, nyumba ili momwemo. Wokulandani akulakwira lamulo. Koma malo a makolo opanda pepala ndi nkhani ina. Pafunika mboni zoti munapatsidwa, osati kubwerekedwa."

"Mboni zanga zonse ziwiri zili kumanda."

Anapukusa mutu. Anati kukhoti tikhoza kupita, mwina n'kuwina, koma si za sabata imodzi. Ndipo anandichenjeza kuti ndisagone, chifukwa malo akalembedwa m'dzina la munthu wina kapena akagulitsidwa, wogulayo amaona ngati zonse zomangidwa pamenepo ndi zake, ndipo kuti muzichotse m'manja mwake ndi ntchito.

"Nanga nditaiphwasula ndekha, ndilakwa?"

Mayi uja anandiyankha kuti:

"Zanu ndi zanu. Koma muitane mboni, zilembedwe. Komanso ganizani kaye, mayi. Nyumba si mtolo wa nkhuni."

Ndinabwerera ndili ndi maganizo opita kukhoti. Koma nditatsika minibasi n'kufika pakhomo, ndinapeza galimoto yoyera pabwalo langa. Bambo wina wonenepa anali atatsamira pa windo la kuchipinda kwanga akusuzumira m'kati, mmene munali mphasa yanga ndi zovala za malemu. Mwana wa alamu anali pambali pake atagwira tepi yoyezera.

"Denga silidontha?" anafunsa bamboyo.

"Ayi bwana, malata ndi abwinobwino. Zipinda zitatu ndi balaza."

Mwana wa alamu uja anandiona, osachita n'komwe manyazi.

"Awa ndi azakhali, bwana. Akusamuka posachedwa."

Apo m'pamene maso anga anatseguka. Malo opanda kanthu analipo ambiri kumtunda kwa chulu, sanawayeze. Chimene ankagulitsa chinali thukuta langa. Ankadziwa kuti mkazi wamasiye atenga mapoto ndi nkhuku zake n'kumapita akulira, makoma n'kutsala. Ndinaganizanso za khoti: ngakhale nditawina, ndizikatunga pa mjigo umodzi ndi anthu awa, ndikadwala andiyang'ane ndi iwowa? Ndinalowa m'nyumba, ndinagwada pa simenti ija. Sindinapemphe kuti Mulungu awalange, ngakhale ndinkafuna. Ndinapempha mphamvu. Nditadzuka ndinaimbira foni achimwene anga, amene ali ndi ngolo ndi ng'ombe ziwiri kuno ku Mitundu.

Inali nyengo yachilimwe, anthu atakolola. Ndinakadziwitsa amfumu, ndipo anatuma nduna yawo, bambo wachikulire wokonda kutafuna nzimbe, kuti adzaone. Amayi a ku mpingo anabwera ndi amuna awo. Achimwene anafika ndi ngolo yawo ndi zina ziwiri za anzawo. Titapemphera, amuna anakwera padenga n'kuyamba kuzula misomali.

Lata loyamba litangotsika, mwana wa alamu anabwera akuthamanga, malaya ali m'manja.

"Azakhali, mukutani?"

"Nkhata ija ndaipeza, mwanawe. Usavutike kundibwereka."

Anazungulira nyumba kawiri, akuimba foni yosayankhidwa. Alamu anafika naima patali, manja m'chiuno. Kenako mnyamatayo anabwera pamaso pa nduna ija.

"Chabwino. Malata atenge, zitseko atenge, mawindo atenge, zimenezo anagula. Koma njerwa ayi. Dothi lake ndi la pa chulu chathu. Nkhuti yake si iyo? Njerwa ndi malo athu omwewa, angowotchedwa."

Nduna inasiya kutafuna nzimbe. Ine ndinamuyankha mnyamatayo mokalipa:

"Dothi ndi lanu? Nanga madzi amene ndinasenza, moto umene amalume ako anasonkha masiku atatu osagona, zimenezo undibwezera iwe? Pita ukakumbe pa chulupo, uone ngati mutuluke njerwa!"

Achimwene anga ndi munthu wosapupuluma. Anali akumasula ng'ombe kuti zikamwe madzi, ndipo anayankha osatembenuka.

"Mlongo, usataye mawu. Ngati vuto ndi dothi, ku Mitundu liliko lambiri. Ngolozi pobwera kuno zimabwera zopanda kanthu, ng'ombe zimangonenepa. Tizibwera nalo. Adzatiuze okha nkhuti yawo ikadzaza."

Amayi anaseka mpaka ena anakhala pansi. Mnyamata uja anali atanena yekha pamaso pa anthu kuti chake ndi dothi. Nduna inatulutsa kope la sukulu n'kulemba kuti njerwa zipite, dothi libwezedwe, ndipo tonse tinasaina, alamu anadinda chala.

Apa m'pamene ndinaona kuti Mulungu amaona patali. Matope aja amene ndinkachita nawo manyazi ndi amene anandipulumutsa. Tikanamangira simenti, njerwa zikanatuluka zidutswa zokhazokha. Koma izi munthu ankangogogoda ndi chikwanje, njerwa n'kusiyana ndi inzake yathunthu. Amayi anaima mzere kuchokera pakhoma mpaka pangolo, akupatsirana dzanja ndi dzanja, akuimba nyimbo za ku mpingo, fumbi lili mbuu m'maso. Njerwa ya kaphazi ija ndinaichotsa ndekha, ndinaikulunga m'chitenje, inayenda pamiyendo panga.

Si ntchito ya tsiku limodzi. Ngolo zinkanyamuka m'mawa kudzera njira yachidule ya m'minda, kufika kuno dzuwa litapendeka, mawa lake n'kubwerera ndi dothi la m'munda wa amayi anga. Mwezi unatha, wina unayamba. Ine ndi ana tinkagona m'khitchini ya udzu. Anthu a m'midzi ya m'njira anazolowera, ankafuula kuti, "Nyumba ija ikudutsanso!" Ena ankatipatsa madzi, ena chinangwa. Sindidzawaiwala. Ng'ombe za achimwene zinaonda, iwo sanadandaule ngakhale kamodzi. Tsiku limene nkhuti inadzaza, anapita kukaitana alamu kuti adzaone, ndipo anawafunsa mwaulemu ngati dothi lakwana kapena awonjezere.

Njerwa zambiri zinasweka m'njira, chifukwa cha mabampu. Nyumba imene inali ya zipinda zitatu inatuluka ya ziwiri. Malata ali ndi mabowo a misomali yakale, tinamata ndi phula, koma mvula ikalimba timatchera beseni pakona. Ndikuthokoza, chifukwa ana anga anakulira m'makoma amene bambo awo anawumba. Koma musandiuze kuti zinatha bwino. Munthu sayenera kugwetsa nyumba yake ndi manja ake kuti isabedwe. Mpaka lero ndikamapemphera za kukhululuka, ndimafika pa dzina la mnyamata uja n'kuima kaye.

Bambo wa galimoto yoyera sanabwerenso. Chaka chatha ndinapita ku Nathenje kukalambula manda a bambo a ana anga, ndinadutsa pamalo paja. Simenti yapansi ilipobe, zipinda zikuoneka mmene zinalili, mbuzi zimagonapo masana. Pa nkhuti paja pamera maungu a masamba akuluakulu, poti dothi la amayi anga linali la manyowa. Ndinapeza alamu akuthyola nkhwani pamenepo. Tinapatsana moni, ndinafunsa za miyendo yawo, poti nawonso yayamba. Za nyumba sitinatchule.

Mwana wanga wamwamuna wakwatira tsopano, ndipo wabweretsa mkazi wake kuno, mtsikana wa ku Diamphwe. Tsiku limene ndinawalozera pomanga, ndinaitana achimwene, ana anga aakazi awiri ndi nduna ya amfumu a kuno, ndinati zilembedwe kuti malowa ndawapatsa onse awiri, iye ndi mkazi wake, ndi ana amene adzabadwe. Achibale ena ananyinyirika, amati ndikubweretsa za m'tauni pa malo a makolo. Ndinawauza kuti apongozi anga anali ndi mtima wabwino kuposa wanga, koma ndodo yawo inalemba pa dothi, mvula yoyamba inafufuta.

Mtsikanayo anachita manyazi kulandira pepalalo. Ndinamugwiritsa m'manja, ndinamuuza kuti alisunge m'Baibulo lake, osati m'sutikesi ya mwamuna.