Dzanja la Khimuli

Kwathu kumapiri kuno chipale chofewa chikagwa, ng'ombe imadya udzu umene unamweta dzuwa likadalipo, basi. Khimuli, mnzanga wa nyumba yakumunsi, wakhala akumweta m'matherezi kuyambira ali mtsikana. Mwamuna wake adamwalira, mwana wake Kundan amatsuka mbale ku Delhi, ndipo pakhomo padangotsala ng'ombe imodzi, Kajri, imene ankaikalipira ngati mwana wobala yekha.

Tsoka lake, nyengo yomweta ndi yomwenso kanjoka kam'miyala kamachuluka. N'kotuwa, kotalika ngati mkono, kaulesi. Sikaikira mazira, kamabereka ana amoyo, ndipo kamawothera dzuwa pomwe pali udzu wabwino. Ukakayandikira sikathawa, kamangonjenjemeretsa mchira.

"Ine ndi iko tonse ndife nkhalamba zosaka dzuwa," ankatero Khimuli.

Chaka chatha kanamuluma dzanja lamanja. Kanjokaka sikapha munthu, kakakuluma umatupa, umabuula, kenako umachira. Koma mlamu wake Trilok, amene amadziwa zonse kupatula ntchito, anathamangira chingwe chomangira mitolo n'kumumanga mkono ndi mphamvu zake zonse.

"Alamu, masulaniko pang'ono, dzanjali lazizira," anadandaula Khimuli.

"Mukufuna ululu ukafike kumtima? Limbani mtima, inu. Ine izi ndazionapo."

Kuchipatala n'kutali, kutsetsereka tsiku lonse munthu ali pamachira. Pofika, zala zinali zitada bii. Adokotala anati njokayo inali itamukhululukira, chomwe chinamulanga ndi chingwe. Anadula zala zitatu. Mpaka lero ndikamuona Trilok akumwa tiyi pagolosale, mtima umandiwawa.

Chaka chino Khimuli anayesa kumweta atagwira zenga ndi dzanja lamanzere. Ankachoka m'mawa, n'kubwera madzulo ndi kamtolo koti mwana n'kunyamula. Anzakefe tinamugawirako udzu wathu, koma aliyense ali ndi khola lake, ndipo misana yathu nayonso idatha kale. Kundan anati abwera, kenako anati abwana akana. Udzu sunakwane.

Mphepo itayamba kuluma, kunabwera wogula ng'ombe wochokera kuchigwa. Kajri inakana kutuluka m'khola mpaka Khimuli anaiitana yekha. Sanalire, anali atatopa. Anangoima n'kumayang'ana bamboyo akukulunga chingwe m'khosi mwa ng'ombe yake.

"Bambo," anatero motsitsa mawu, "chingwecho musamange zolimba."