Chithunzi Chogwirira Malo

Anthu amamutcha Injiniya, ngakhale sipanala sanaigwirepo chibadwire. Ntchito yake ndi yopanga mawebusayiti. Amagwirira m'kachipinda ka pamwamba pa shopu ya mafoni, laputopu ili patebulo logwedera mwendo. Makasitomala ake ndi aja oti lero akufuna chizindikiro cha kampani chikule, mawa chichepe, mkuja akuti mtundu wabuluu akazi awo sanaukonde. Iye amangoti, "Chabwino bwana," n'kukonza.

Pantchito imeneyi pali kachizolowezi. Tsamba la webusayiti likamamangidwa, zithunzi zenizeni zisanabwere, munthu amatola zithunzi zaulere pa intaneti n'kuziika kuti zigwirire malo. Kenako amazichotsa. Akakumbukira.

Amayi ake ndi telala. Makina awo opalasa ndi miyendo ndi amene anamufikitsa kukoleji. Tsiku lina mlongo wake anamuzazira: "Achimwene, mukukongoletsa mabizinesi a eni, amayi anu akusokera pakhonde la sitolo popanda owadziwa. Simuchita manyazi?"

Anawapangiradi tsamba, lokongola ndithu. Pamalo olembedwa kuti "Mwini wake" anaikapo kaye mzimayi wina wa pa intaneti, wosalala nkhope, tepi ili m'khosi, mano mbee, kumbuyo kwake shopu ya magalasi okhaokha. Ankati Loweruka apita kukawajambula amayi. Loweruka linabwera n'kupita, lina n'kupitanso. Ndipo tisanamizane, ulesi wokha sunali. Khonde la amayi ndi lamdima, khoma lake penti inasupuka kalekale, ndipo magalasi awo a maso mwendo umodzi anaumanga ndi ulusi. Injiniya akaganiza zoika zimenezo patsamba lake loyera lija, mtima unkabwerera m'mbuyo.

Masana ena anapita kukawasiyira chaja ya foni. Anapeza galimoto itaima, mzimayi wotchena akutsika ndi nsalu ya diresi laukwati. Tsamba lija linali litakoka kasitomala, ndipo Injiniya anayamba kumwetulira.

"Pepani agogo," anatero mzimayiyo, "abwana anu alipo?"

Amayi anasiya kupalasa. "Abwana ati?"

"Eni ake a malo ano. Awa." Anawapatsa foni.

Amayi anakankhira magalasi m'mwamba n'kuyang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Kenako anayang'ana mwana wawo, kamodzi kokha. Kalanga ine! Injiniya anazunzika nkhope, chaja ili m'manja. Manyazi oterowo anali asanawamvepo.

"Atulukapo pang'ono," amayi anayankha modekha. "Koma woyeza ndine. Bwerani muime apa."

Anamuyeza mapewa, chiuno ndi msinkhu, akumuseketsa ndi nkhani za apongozi. Mzimayiyo anasiya nsalu n'kunena kuti abwanawo awapatse moni. Galimoto inapita.

Injiniya anakhala pabenchi ya makasitomala, maso ali pa zidutswa za nsalu zimene zinali mbwee pansi.

"Amayi, chithunzi chija chinali chongogwirira malo. Timatero tonse pantchito yathu. Ndinaiwala kuchotsa."

"Unaiwala," anatero amayi, akulowetsa ulusi pasingano. Sanakalipe, ndipo zimenezo ndi zimene zinamupweteka kwambiri. Bola akanamulalatira msewu wonse n'kumva.

Injiniya anatulutsa foni yake. "Ndikujambuleni pompano. Ndisintha lero lomwe. Mungokhala mmene mwakhaliramo."

Amayi anaphimba nkhope ndi dzanja, ngati munthu wothawa dzuwa.

"Ayi, asiye amayi ako okongolawo akhale pomwepo. Kasitomala ndamuuza kale kuti ine ndine wantchito. Ukufuna akabwera kudzatenga diresi lake adzandipezenso wabodza?"

Anaika phazi pamakina n'kuyamba kupalasa.