Ndinakwecha chikwangwani cha eni

Loweruka lapitali ndinaitanidwa kunyumba kwa mnzanga wa kusukulu, koyamba chibwerere kuno ku Birmingham miyezi isanu ndi itatu yapitayo. Dzina lake ndi Gemma. M'kalasi monse, ndi yekhayo amene amandisungira mpando nthawi ya chakudya chamasana. Amakhala cha ku Solihull ndi bambo ake okha.

Ndisananyamuke, amayi anali akusita yunifomu yawo ya kuchipatala. Anandiuza kuti, "Tadala, usakakhale chopinda manja ngati bwana. Mwana wamkazi akadya kwa eni amadzuka n'kugwira ntchito."

Nditalowa m'khitchini mwawo ndinaima kaye. Makoma onse anali odzaza ndi zikwangwani zachitsulo zakalekale, zopaka utoto wolimba ngati wa mbale zathu zachitsulo zija. China chinali chotsatsa tiyi, china matayala a njinga, china mafuta a nyale. Zambiri zinali zokhapuka m'mbali.

Titatha kudya, Gemma anakwera m'mwamba kukayankha foni, bambo ake n'kutuluka panja. Ine ndinatsuka mbale. Kenako maso anga anagwera pa chikwangwani chabuluu chotsatsa sopo, chimene chinali pamwamba pa sinki. M'makona onse chinali ndi dzimbiri. Ndinamva chisoni. Ndinati mumtima, abambowa amachoka kuntchito atatopa, alibe wowasamalira zinthu. Ndinatenga kawaya kokwechera mapoto n'kuyamba ntchito.

Ndinakwecha ndi mtima wonse. Tizidutswa ta utoto titayamba kugwera mu sinki, ndinkayesa ndi litsiro.

"Siya! Mwana iwe, siya!"

Anali bambo a Gemma, ali pakhomo. Anayandikira, n'kusisita ndi chala pamene ndinakanda. Sanakalipenso. Anangoti, "Chimenechi chinali pakhoma la sitolo ya agogo anga. Dzimbirilo ndi la mvula yonse imene inachivumba kumeneko."

Bola akanandikalipira. Anandiperekeza pagalimoto mpaka pokwerera basi.

Amayi atamva anagwira pakamwa. "Mayo ine! Safunsa anadya phula, mwana wanga." Koma ndikanafunsa chiyani? Alipo mwa inu amene anapemphapo chilolezo chokwecha poto wakuda?

Kwathu ku Kasungu, chitsulo chotere agogo amatsekera khola la nkhuku. Chinthu chikachita dzimbiri timachita nacho manyazi, alendo akamabwera timachibisa kuseri. Kuno amachikhomera pamalo oonekera, n'kuchiyatsira nyale yakeyake. Sabata yonseyi ndakhala ndikuganiza, ndipo ndaona kuti abambo aja sanapachike malonda a sopo ayi. Anapachika agogo awo.

Nanga ife tapachika chiyani? Nyumba imene timachita lendi ku Small Heath makoma ake ndi oyera mbee, chifukwa mwini nyumba analetsa kukhoma misomali. Chithunzi cha abambo anga, amene akadali kumudzi kudikira mapepala, chili m'sutikesi pansi pa bedi. M'nyumba zambiri za anzathu a kutchalitchi ndi chimodzimodzi. Pakhoma pamangokhala kalendala yolembedwa mashifiti. Timakhala ngati anthu odikira basi.

Ndiye ndikupempha inu makolo amene munafika kale kuno. Mumatiuza za jekete, za mabasi, za kusayenda tokha kukada. Tiuzeninso zing'onozing'onozi. Tiuzeni kuti kuno mlendo amakhala pansi, ndipo sagwira chinthu asanauzidwe. Ulemu umene munatiphunzitsa ndi wabwino, koma ukhoza kumutayitsa mwana mnzake mmodzi yekhayo amene ali naye.

Lolemba Gemma sanandisungire mpando. Sanandinyoze, anangokhala ndi ena. Ine ndinakadyera pabenchi la pafupi ndi laibulale, ndikuwerenga buku limene ndinalimaliza kale. Lachinayi ndinalimba mtima n'kumuimitsa pakhonde.

"Bambo ako akadali okwiya?"

"Sanakwiye," anatero akuyang'ana nsapato zake. "Angochitsitsa pakhoma chikwangwani chija. Sindinawaonepo ali chete chonchi. Iwenso Tadala, ndani amapita kocheza n'kukakwecha khoma?"

Anatsala pang'ono kuseka. Pang'ono pomwepo ndi pamene ndagwira.

Kwathu mwana akalakwira akuluakulu sapita yekha kukapepesa, amaperekezedwa. Koma amayi ali pantchito Loweruka ndi Lamlungu lomwe, ndipo sindikufuna kuti sabata ina idutse. Ndipita ndekha. Mawu ndawalemba kale papepala, ndipo ndikumawayeserera pagalasi la kubafa.

Chimene sindikudziwa ndi chimodzi, ndipo amene mwakhalitsa kuno ndithandizeni. Akakatsegula chitseko, ndikagwade monga ndinaphunzitsidwira, kapena kumeneko kukakhalanso kulakwa kwina?