Likodzo Limene Ndinabisa Poopa Kutaya Malo M'timu ya Dziko

Chizindikiro choyamba ndinachiona kumayambiriro kwa Febuluwale, Lachiwiri m'mawa. Nditapita kukataya madzi, pomaliza penipeni panatuluka timadontho ta magazi. Sanali masiku anga akumwezi, ndipo ndinkadziwa bwino lomwe kuti si iwowo. Ndinaima kanthawi m'chimbudzimo, kenako ndinakavala nsapato n'kupita kubwalo ngati palibe chachitika.

Dzina langa ndine Halima, kwathu ndi ku Ngala, kufupi ndi Dwangwa. Ndimasewera mpira wamanja, uja amautcha ntchemberembaye, ndipo malo anga ndi pakati, pamene pamafunika munthu wothamanga osapuma kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Kwa zaka ziwiri ndinali m'timu ya dziko ya achisodzera. Chaka chimenecho msinkhu wanga unali kutha. Munthu ukadutsa zaka za achisodzera pamakhala njira ziwiri basi: akuluakulu akutenge, kapena ubwerere kwanu uzikauza anthu kuti ifetu tinkasewera. Mayina a oitanidwa kukampu ya timu yaikulu ankayembekezeka kutuluka mu Meyi, kampuyo mu Juni ku Blantyre, ndipo komweko ndi kumene amasefa kuti atsale khumi ndi awiri.

Aphunzitsi a timu yathu yakuno ndi a Mayi Chirwa, amene amaphunzitsanso kupulayimale. Ndi iwo anandiona ndili sitandade sikisi ndikuponya mpira wamapepala. Kuno kulibe nyumba zolimbitsira thupi ngati za m'tauni, choncho iwo anapeza nzeru yawo. Kuyambira mu Okutobala, katatu pasabata ankatilowetsa m'nyanja kuti tizithamanga m'madzi olekeza m'ntchafu. Kunena zoona miyendo inkalimbadi. Tinkasankha pakagombe kena ka bango, chifukwa pamenepo madzi ndi odekha ndipo sitinkasokoneza makoka a asodzi. Palibe mmodzi mwa ife anaganizapo za tinkhono timene timakhala m'bangomo.

Mungafunse kuti mwana wa kunyanja sindinkalidziwa likodzo? Ndinkalidziwa. Koma kwathu kuno timaliona ngati matenda a anyamata. Mnyamata akakodza magazi anthu amangoseka, amati wakula. Mtsikana akakodza magazi amamuyang'ana ndi diso lina, amati watengera kwa amuna. Nanga ine woyendayenda m'matauni, wovala siketi yaifupi pamaso pa anthu, amayi a pamjigo anali kale ndi mawu awo pa ine. Ndiulule kuti ngakhale mapiritsi aja amagawa kusukulu chaka ndi chaka sindinamwepo. Tinkauzana kuti mtsikana akamwa sadzabereka, ndiye tinkawabisa pansi pa lilime n'kukalavula kuseri kwa kalasi. Tinkadziona ochenjera zedi.

Chachikulu chinali mantha. Ndinkaopa kuti ndikapita kuchipatala nkhani imveka, ifika kwa osankha timu, ndipo dzina langa alidumpha. Ndinadziuza kuti ndipirire mpaka Juni, ndikalowa m'timu ndidzapita kukaonana ndi adokotala. Ndinagula makapusozi pagolosale n'kumamwa mobisa. Magazi analeka masiku anayi, kenako anabwerera.

Mu Malichi pokodza pankawotcha, ndipo pansi pa mchombo pankapweteka ngati pali mwala. Mu Epulo ndinayamba kutopa msanga. Ine amene ndinkamaliza masewera onse n'kufunanso ena, ndinkangoti gawo limodzi befu ali pamwamba, mtima ukugunda mpaka m'makutu. Ndinkawiritsa masamba a mapeyala ndi chidede n'kumamwa, poti amati zimawonjezera magazi. Zikhatho zinayamba kuyera. Kenako ndinayamba kulakalaka dothi, moti ndinkatswa lapachulu n'kumadya kuseri kwa nyumba. Tsiku lina amayi anandipezerera. Sanakalipe. Anangondiyang'ana pamimba nthawi yaitali n'kufunsa ngati pali chimene ndikufuna kuwauza. Ndinati palibe. Masabata angapo tinkangolankhulana za mchere ndi nkhuni.

Mu Meyi mayina anatuluka pawailesi, ndipo langa linalimo. Anthu anabwera kudzandigwira chanza, ngakhale amayi a pamjigo aja anabwera ndi nthungululu. Ine ndinkamwetulira, koma kuti ndiimirire pampando ndinkayamba ndagwira khoma.

Ndinagwa Loweruka, kutatsala masiku asanu ndi anayi kuti ndinyamuke. A Mayi Chirwa anakonza masewera apaubale ngati onditsanzikira. Kuyambira Lachinayi thupi linkatentha, koma ndinamwa mankhwala a mutu n'kulowa m'bwalo. M'gawo lachitatu ndinalumpha kuti ndiwakhe mpira, kumaso kunada, ndipo za pambuyo pake ndinachita kuuzidwa. Ananditengera kuchipatala chaching'ono chapafupi, kumeneko anandilasa pachala n'kupeza malungo, ndiponso anati magazi atsika kwambiri moti iwo sangathe. Madzulo omwewo ambulansi inatitengera kuchipatala chachikulu kuboma, ine ndi amayi.

Anandigoneka kuwodi ya amayi, bedi lachitatu kuchokera pakhomo, n'kundiika diripi ndi jakisoni wa malungo. Lamlungu m'mawa anesi ena achikulire, a mawu okhuthala, anati malungo okha sangamalize magazi a munthu wamphamvu chotere. Anandipatsa kabotolo kuti ndikaikemo mkodzo. Ndinabwera nako nditakakulunga m'chitenje. Anakayang'ana padzuwa n'kundifunsa kuti zinayamba liti. Amayi anali pomwepo. Ndinati mu Febuluwale. Anesiwo anapukusa mutu n'kunena kuti, "Mwana wanga, mubisa matenda, maliro tidzamva. Iwe unatsala pang'ono kutimveketsa."

Anati andiika magazi, koma a gulu langa panalibe tsiku limenelo, ndiye tinadikira mpaka Lolemba masana. Kudikira kwa m'chipatala ndi matenda pakokha. M'mawa amabwera okolopa, kenako phala, kenako adokotala ndi gulu lawo kuyendera bedi ndi bedi. Ikatha nthawi imeneyo umangoyang'ana denga n'kumawerenga madontho a diripi. Amayi ankagona pansi pambali pa bedi langa, masana n'kumakaphika kukhitchini ya odikirira odwala. Magazi atabwera anandiika matumba awiri, limodzi Lolemba, lina Lachiwiri. Sindidziwa amene anapereka magaziwo, koma tsiku lililonse ndimamupempherera.

Lachiwiri lomwelo zotsatira zinabwera. Mumkodzo munali mazira a likodzo. Adokotala anafotokoza kuti tizilombo take timachokera m'nkhono za m'madzi odekha, timalowa pakhungu, ndipo sitisankha kuti uyu ndi mnyamata kapena mtsikana. Anatinso kulakalaka dothi kuja kunali kuchepa kwa magazi. Atachoka, amayi anagwira phazi langa n'kunena kuti andikhululukire, anandiganizira zina. Ndinalira. Wolakwa ndinali ine, amene ndinawasiya miyezi yonseyo akudzizunza ndi maganizo.

Lachinayi anandiunika m'mimba ndi makina. Anandiuza kuti ndimwe madzi ambiri osapita kuchimbudzi, ndipo ndinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka cha m'ma 11 ndikupanikiza miyendo. Anapeza kuti m'chikhodzodzo muli zilonda, koma impso zinali zisanakhudzidwe. Tsiku lomwelo anandiyeza pasikelo, anandiuza kuti ndiyambe ndadya, n'kundipatsa mapiritsi a likodzo, akuluakulu, oyera, owawa. Anali aja omwe ndinkalavula kuseri kwa kalasi. Ndinachita chizungulire ndi nseru tsiku lonse, m'mawa mwake zinatha.

Apa m'pamene ndinatulutsa kalata yondiitana kukampu. Ndinawapempha adokotala kuti anditulutse Lachisanu, Lolemba ndikakhale ndili ku Blantyre. Anaiwerenga yonse bwinobwino n'kundibwezera. Anati, "Miyezi itatu musathamange. Mtima wanu wagwira ntchito ndi magazi ochepa nthawi yaitali, mukaukakamiza mudzagweranso pabwalo ndipo mwina simudzadzuka. Mukanabwera mu Febuluwale mukanamwa mapiritsiwa tsiku limodzi, sabata yomweyo n'kubwerera kumasewera."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa jakisoni aliyense. Ndinatuluka pakhonde la wodi n'kuimbira foni aphunzitsi a timu yaikulu. Ndinawauza zonse, osachotsera. Anati pepa, uchire kaye, mpira suthawa. Ndinadziwa kuti amenewo ndi mawu otonthoza chabe. M'malo mwanga anaitana mtsikana wina wa ku Zomba amene tinali naye ku achisodzera. Patatha masabata atatu ndinamva pawailesi kuti walowa m'gulu la khumi ndi awiri. Sindinama, ndinachita nsanje, ndipo tsiku limenelo sindinadye.

Ananditulutsa nditagona masiku asanu ndi atatu. Anandipatsa mapiritsi owonjezera magazi a miyezi itatu, ndipo patapita masabata angapo ndinabwerera kukamwanso a likodzo kachiwiri. Amayi anandisandutsa khanda. Usipa, nyemba, bonongwe, chisoso, chiwindi akachipeza, ndipo ukati wakhuta iwo amati sunayambe. Mu Julaye ndinkangoyenda kuchokera kunyumba kukafika kumsewu waukulu n'kubwerera, ndipo kumeneko kunali kutali.

A Mayi Chirwa anabwera kudzandiona ali ogwa nkhope. Ankadziimba mlandu kuti ndi iwo anatilowetsa m'bango muja. Ndinawauza kuti iwo anatilowetsa m'madzi osadziwa, koma ine ndinabisa ndikudziwa. Sabata yotsatira anatenga timu yonse kupita nayo kukayezetsa. Ambiri anapezeka nalo likodzo. Atatu anavomera kuti nawonso ankaona magazi kwa miyezi, aliyense akubisa payekha, tikuseka limodzi pabwalo tsiku ndi tsiku. Onse anamwa mankhwala n'kuchira osagonekedwa. Masiku ano timathamanga pamchenga wouma ndi m'misewu ya m'minda ya nzimbe.

Ndinayamba kuthamanga pang'onopang'ono mu Seputembala, adokotala atandiyezanso magazi n'kuvomera. Tsiku loyamba ana a sitandade seveni anandisiya m'mbuyo, n'kumandifunsa ngati timu ya dziko imathamanga choncho. Ndinangoti dikirani. Mu Novembala ndinasewera masewera athunthu koyamba. Mu Disembala mkodzo unapezeka wopanda mazira, ndipo atandiunikanso anati zilonda zija zapola.

Chaka chotsatira ndinalibenso timu ya achisodzera yoti andionereko. Ndinasewera mipikisano ya m'chigawo chapakati ndi timu yathu yomweyi, kukwera malole, kugona m'makalasi. Anandiitananso kukampu. Tsiku lotchula mayina ndinawerenga ndi zala mpaka khumi ndi limodzi osamva langa. Langa linali lomaliza.

Panopa ndili bwino. Magazi ali m'malo mwake, ndimathamanga magawo onse anayi, ndipo chaka chilichonse ndimamwa mapiritsi a likodzo pamaso pa aliyense amene akufuna kuonerera. M'timu yaikulu ndilimo, koma amene amayamba pakati ndi mnzanga wa ku Zomba uja. Anaugwiritsa ntchito mwayi wake ndipo akusewera bwino, sindingamunenere zoipa. Ine ndimakhala pabenchi kudikira kuti atope. Ndikuthokoza Mulungu, anesi aja a mawu okhuthala, adokotala amene anakana kunditulutsa, ndi amayi anga amene anagona pasimenti masiku asanu ndi atatu.

Kwa atsikana anzanga a m'mbali mwa nyanja muno, kuchokera ku Bua mpaka ku Dwambazi, ndikuti mukaona magazi pokodza pitani kuchipatala sabata yomweyo. Musayambe mwafunsa kuti anthu anena chiyani, musagule makapusozi pagolosale, ndipo musadikire kuti mayeso athe kaye kapena ukwati udutse kaye. Inunso amayi, mwana wamkazi akabwera ndi nkhani yotere mumuperekeze musanamuweruze. Ine ndinabisa miyezi inayi kuti nditeteze malo anga, ndipo kubisako ndi kumene kunandilanda malowo. Moyo wokha ndi umene achipatala anandibwezera, ndipo nawonso unatsala pang'ono kupita.