Mapu a ku Brazil ndi Khoma la Mdindo

Fungo la makoko a manachesi likandipeza, ngakhale ndili m'minibasi pakati pa Limbe, ndimabwerera kwathu ku Mwanza chaka chomwe ndinali mu Sitandade 6. Inali nyengo yozizira, manachesi atapsa. M'mbali mwa msewu wopita kumalire munali madengu okhaokha, madalaivala a mathiraki akusenda n'kumaponya makoko pawindo, ndipo zala zathu zinkanunkha manachesi ngakhale titasamba ndi sopo. Ndi nyengo imeneyo pamene abambo anabwerako ku Brazil.

Abambo anali alangizi a zaulimi. Anawasankha kuti akaone kwa miyezi iwiri mmene anzathu kumeneko amalimira malalanje, poti Chipwitikizi ankachimva. Malemu amayi awo anali a ku Zobue, ku Mozambique. Miyezi iwiriyo ine ndinaithera kulonjeza. Falesi, mnzanga wapamtima, ndinamulonjeza jezi yachikasu. Anyamata a m'kalasi ndinawauza za mpira weniweni. Ngakhale azimayi a kumjigo ankafunsa amayi ngati tsitsi la ku Brazil lija lifike. Koma chimene ndinkadikira kwenikweni chinali kuseri kwa nyumba. Kumeneko kunali malata asanu ndi atatu atsopano, ndipo abambo ananena asanapite kuti akabwera agwetsa khoma lakale lomwe linali pamenepo, andimangire chipinda changa. Ndinali nditatopa kugona ndi alongo anga awiri aang'ono, omwe ankakodza pamphasa mosinthana ngati anachita kupangana.

Khomalo linali lotsala la nyumba ya mdindo imene abambo anabadwiramo. Makoma enawo anagwa ine ndisanabadwe. Lotsalalo linali lofiira, losafika n'komwe paphewa pa munthu wamkulu, mavu atamangamo, nkhuku zikufukula patsinde pake. Kwa ine linali chinthu chongotchinga malo.

Sutikesi itatsegulidwa tinaizungulira tonse, mpaka Falesi anali pakhomo akusuzumira. Munatuluka mabuku a matenda a malalanje. Munatuluka chibuluma cha jamu wa magwafa, chonsecho magwafa kwathu ankaola pansi. Kenako zithunzi za nyumba zakale, mapu opindapinda, ndi nsapato zomwe ananyamuka nazo zili zatsopano, zidendene zitadyeka mbali imodzi.

"Nsapato zija ndi zimenezi?" anafunsa amayi atazinyamula m'mwamba.

"Mzinda sauonera pawindo la basi, mayi a Tiya," anayankha abambo. "Amauyenda."

Anzawo masiku opuma ankapita m'masitolo. Iwo ankatenga mapuwo n'kumayenda wapansi pakati pa mzinda wa São Paulo kuyambira m'mawa mpaka miyendo kukana. Jezi sanaikumbuke. Falesi anachoka osatsanzika, ndipo Lolemba sukulu yonse inali itadziwa kuti bambo ake a Tiyamike abweretsa mapepala.

Bwenzi zili bwino zikanathera pomwepo. Koma abambo anaganiza kuti mwana woyamba sangakule osaudziwa mzinda umene unawatengera nsapato. Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, amayi ndi ana ankalowera kunyumba, ine ndi abambo tinkayamba ulendo. Mapuwo anali ndi malo olembedwa manambala, ndipo iwo anali atalemba ndi pensulo mapazi amene anaponda kuchoka pa nambala ina kufika pa inzake. Ankayenda akuwerenga chapansipansi, kenako n'kuima chilili paliponse pamene nambala yathera, kaya ndi pakati pa msewu kaya ndi pa chigayo.

Tinkayambira pabwalo la tchalitchi chathu. Amenewo, ankati, ndiye malo a tchalitchi chachikulu cha nsanja ziwiri, chokhala ndi mitengo ya kanjedza yondandalika kutsogolo ndi mwala umene amayambira kuyeza mitunda ya misewu. Ine ndinkaona mbuzi ndi njinga za kabaza. Pa kalavati ya kumunsi, pamene pankanunkha madzi oima, ankati tafika pa mlatho wautali wotchedwa dzina la tiyi, pansi pake anthu akuoneka ngati nyerere. Sitolo ya mapaipi ndi simenti inkasanduka nyumba ya zisudzo ya zipilala ndi ziboliboli. Kumsika, pakati pa usipa ndi tomato, ankaloza m'mwamba mopanda kanthu n'kumafotokoza magalasi amitundumitundu ojambulidwa alimi ndi ng'ombe. Pa depoti ya mabasi ankachotsa chipewa kuti aone wotchi ya pansanja ya siteshoni ya sitima, wotchi imene panalibe.

Manyazi amene ndinkamva sindingawafotokoze. Fumbi linkandilowa m'nsapato zakutchalitchi, mphepo ya Juni ikundiwalula milomo, njala ikundipweteka. Anyamata osintha ndalama ankaitana kuti, "Bwana, lero mwafika pati? Tipatseniko lifiti ya ku Brazil!" Abambo ankangokweza dzanja, akusangalala kuti anthu ayamba kuchita chidwi. Ine ndinkayenda kumbuyo, nditasiya mpata woti munthu wosatidziwa aziyesa kuti sitili limodzi. Zonse zimene ankanena zinkalowa khutu ili n'kutulukira linalo.

Nambala yomaliza pa mapu inkathera kwathu, kuseri kwa nyumba, pa khoma lija. Ine sindinkafikako. Tikangolowa pachipata ndinkathamangira kukhitchini, n'kuwasiya akulankhula okha. Ndinkangodziwa kuti pa nambala imeneyo, ku São Paulo, pali malo amene mzindawo unayambira, ndipo pakati pa nyumba zosanja zosawerengeka anasungapo khoma ladothi la zaka mazanamazana, lotchingidwa ndi galasi, anthu n'kumabwera kudzaliona. Nkhaniyi inkandiseketsa. Dziko la mpira lonse lija, n'kumasunga dothi?

Tsiku lina pobwera kusukulu ndinamva kukhoma kwa misomali. Ndinathamanga chikwama chikundimenya pamsana. Ndinapeza abambo ali pa makwerero. Anali atazika mitengo inayi mozungulira khoma lija, ndipo malata anga, onse asanu ndi atatu, anali atakhomedwa pamwamba pake.

"Nanga chipinda changa?"

"Chaka chamawa, Tiya. Khomali likanyowanso dzinja lino silipirira."

Ndinalira mpaka kusasa mawu. Amayi sanandithandize, ngakhale ndinawamva akunyinyirika kukhitchini kuti anthu kunja amakaphunzira kumanga, awa akaphunzira kufolera bwinja. Oyandikana nafe ankachita kulambalala njira kuti adzaone. Kusukulu ananditcha mwana wa kumyuziyamu. Usiku umenewo mlongo wanga wamng'ono ananyowetsanso mphasa, ndipo ndinagona chokhala, nditapsa mtima ndi nyumba yonse.

Ntchito yotsuka mbale inali yanga, m'mawa, masana ndi madzulo. Madzi ake ndinkayenera kukathira kunthochi, kumapeto kwa bwalo. Tsiku loyamba ndinawakhuthulira patsinde pa khomalo chifukwa cha mkwiyo chabe. Ndinaona dothi likuwamwa, likuda, kenako kachidutswa kakugumuka. Tsiku lachiwiri ndinachita dala. Ndinasankha mbali yakuseri, yoyang'ana kumpanda, kumene munthu sankapitako, ndipo ndikathira ndinkakankhirapo masamba ndi phazi. Malata ankateteza khomalo ku mvula yochokera kumwamba, koma za beseni langa abambo sanaziganizire. Pang'onopang'ono ndi mtolo: pofika kumapeto kwa Julayi, manachesi akutha m'misika, patsinde panali patakumbika mphako yolowa mkono wanga.

Linagwa Loweruka masana, kunja kuli zii, popanda ngakhale kamphepo. Tinangomva kuti khuu, nkhuku n'kubalalika, fumbi lofiira likutuluka pansi pa malata. Mumtima ndinasangalala, ndisaname. Abambo anatuluka m'nyumba opanda nsapato. Sanakuwe. Anagwada n'kuyamba kutembenuza zibuluma chimodzichimodzi, mosamala ngati mmene ankagwirira mbande za malalanje. Zambiri zinkafumbutuka m'manja. Patapita nthawi anapeza chimodzi chachikulu ngati mbale, anachiuzira fumbi n'kundiitana.

Pa chibulumacho panali mizere itatu yokhota, yolowa mkati. Ndinali nditaiona kambirimbiri pakhomapo, osaiganizira.

"Zala za agogo ako izi," anatero. "Ankamata okha chaka chilichonse. Sanajambulitsepo chithunzi, ngakhale chimodzi. Ndinakumbukira zimenezi nditaima pa khoma la eni ake lija."

Ndi zimene ankanena Lamlungu lililonse pa nambala yomaliza, ine ndili kukhitchini. Kenako anaika dzanja pansi pamene panali tsinde. Linatuluka ndi matope, komanso timinga ta usipa ndi njere za mpunga. Analiyang'ana nthawi yaitali. Ndinayembekezera mbama, mwina ndinkaifuna n'komwe. Anangolipukutira pa thalauza.

"Madzi a mbale uzikathira kunthochi, mwana wanga," anatero, n'kulowa m'nyumba ndi chibuluma chija.

Maulendo a Lamlungu anathera pomwepo. Palibe ananena kuti atha. Tinkangoweruka tonse limodzi n'kulunjika kunyumba ngati mabanja ena, ndipo anyamata osintha ndalama anapeza wina womuseka. Mvula isanayambe abambo anaumbitsa njerwa, anazula mitengo inayi ija, n'kumanga chipinda pamalo omwewo ndi malata omwewo. Anachimanga bwino, ndi windo lagalasi ndi loko wanga. Tsiku loyamba kugonamo ndinayala bulangete louma, ndinadzitambasula mbali zonse, ndipo ndinaganiza kuti ndapambana.

Ndinagonamo zaka ziwiri zokha ndisanapite kusekondale yogonera komweko. Lero mumakhala matumba a chimanga ndi njinga yakufa. Mapu aja ndili nawo ine, ndipo nthawi zina ndimatsata ndi chala njira yonse ya pensulo, kuchoka pa tchalitchi, kuwoloka mlatho, kudzera kumsika mpaka nambala yomaliza. Ndili mwana ndinkaganiza kuti abambo anauluka ulendo wonse uja n'kubwera chimanjamanja. Anabwera atadziwa chinthu chokhacho cha amayi awo chimene chinatsala, ndipo ankafuna munthu mmodzi woima naye pamenepo. Khoma la ku São Paulo akuti likadalipo kuseri kwa galasi lake. La kwathu latsala zala zitatu m'bokosi la nsapato, pansi pa bedi la abambo, ndipo mpaka lero sanandifunsepo chifukwa chake.